Ndiwo zimene ndinkazula n'kukataya kudzala

Kuseri kwa nyumba imene timachita lendi ku Area 25 kuli kamalo ka mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi. Titangolowa m'nyumbayi, pamalopo panali zidutswa za njerwa, mabotolo osweka ndi chingwe choyanikira zovala basi. Dothi lake ndi katondo wofiira uja wa kuno ku Lilongwe, woti m'chilimwe ukaponya khasu limachita kunjanja m'manja ngati wamenya pa simenti.

Ine ndinakulira m'tauni, ku Blantyre, ndipo ndiwo zamasamba ndinkazidziwa zili pamulu kumsika kapena zili kale m'mbale. Nzeru yolima inandibwerera mu 2021 nditaonera mavidiyo ambirimbiri pa YouTube, a anthu a kunja ovala magolovesi akukolola tomato wamkulu ngati chibakera. Mu Ogasiti ndinapita m'tauni n'kukagula timapaketi ta mbewu, ta tomato, kabichi, karoti ndi letesi, posankha ndikungoyang'ana chithunzi cha papaketi. Ndinafesa nazale, ndinawokera, ndinkathirira ndi keni m'mawa ndisanapite kuntchito ndiponso madzulo ndikaweruka. Mwezi wa Seputembala zonse zinali bwino, moti ndinkajambula n'kumatumiza pagulu la WhatsApp la kuntchito.

Kenako Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Masamba a tomato anayamba timadontho tachikasu, kenako anachita ngati dzimbiri, kunsi kwake kuli timaukonde. Anali kangaude wofiira, kachilombo kakang'ono koti mpaka uyandikitse diso, ndipo kamakonda kutentha ndi fumbi. Kabichi anadzaza nsabwe. Letesi anangotalika n'kuyamba kuwawa. Karoti anatuluka wopindikapindika ngati zala za nkhalamba chifukwa cha kulimba kwa katondo uja. Bilu ya madzi itabwera, bambo a kunyumba anakhala pansi ndi cholembera n'kuwerengera ndalama ya mbewu, ya mankhwala ndi ya madzi, n'kugawa ndi tomato amene tinadya. Anati tomato mmodzi wa kuseri kwathu tamugula pa mtengo wa nkhuku. Sindinaseke tsiku limenelo.

Chokhacho chimene ndinachita mwanzeru, ngakhale sindinadziwe, n'chakuti ndinaitanitsa matumba atatu a manyowa a mbuzi kuchokera kwawo kwa amuna anga, ku Mayani ku Dedza. Ndinawamwaza pa mabedi onse. Chizimalupsa chitadutsa, ndipo mvula yeniyeni itagwa kumapeto kwa Novembala, malo onse aja anabiriwira ndi tizomera timene ine sindinabzale. Loweruka lina ndinamanga chitenje n'kuyamba kuzula, kudzaza beseni, kukakhuthula kudzala, kubweranso.

Sabata imeneyo tinali ndi apongozi anga, anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Anali atakhala pamkeka pakhonde, akungondiyang'ana. Nditanyamula beseni lachitatu anakhosomola.

"Amake mwana, kodi zimenezo mukupita nazo kuti?"

"Kudzala, amayi. Udzu wachuluka."

"Udzu? Tabwera nazoni kuno."

Ndinagwada n'kutula beseni pamkeka. Munthu amene ankadandaula kuti maso sakuona bwino uja anayamba kusankha mofulumira ngati akusankha nyemba, akuika milumilu. Uyu bonongwe. Ili luni, taonani masamba ake ngati zala za dzanja. Ichi chisoso. Ili denje, therere lake simunadyepo inu? Aka ndi mwamunaaligone. Atatha, mulu wa udzu weniweni, dawe ndi khovani, unali wochepa kuposa yonse. Sanandinyoze, anangofunsa kuti, "Ndiye mabeseni awiri aja mwatayadi?" Ndinapita kudzala kukatola.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kunena zoona manyazi anandigwira. Bonongwe ndakhala ndikumugula moyo wanga wonse. Kungoti ndinali ndisanamuonepo ali kamwana ka masamba anayi. Njere zake n'zazing'ono ngati mchenga, zakuda, zonyezimira, ndipo tsinde limodzi likakhwima limagwetsa zikwizikwi. Zina zinabwera ndi manyowa a mbuzi aja, zina ziyenera kuti zinali m'dothi kale zikungodikira kuti wina atipule. Pakangotha milungu itatu kapena inayi mvula itagwa, wayamba kudya.

Madzulo amenewo anaphika ndi iwo, ine ndili wotumidwa. Luni limawawa, ndiye analisakaniza ndi bonongwe, bonongwe wambiri luni pang'ono. Madzi anathira ochepa kwambiri, ongonyowetsa pansi pa poto, ine n'kumada nkhawa kuti zipserera. Masamba atangofwefweta anaika tomato pamwamba ndi mchere, kenako nsinjiro anazimwaza pamwambanso osatakasa, n'kuvundikira. Anati nsinjiro zipse kaye ndi nthunzi, ukathamangira kutakasa zimakakhala pansi n'kupserera, komanso zimanunkha chiwisi. Patapita mphindi zingapo ndi pomwe anatenga mthiko. Mwana wanga wamkulu, amene ndiwo zamasamba amadya ngati akumwa mankhwala, anapempha zina. Mwina chifukwa choopa agogo, sindikudziwa, koma mbale inayera.

Asanabwerere kumudzi anamasula mfundo ya pa chitenje chawo n'kundipatsa nthanga za maungu zodzaza dzanja, ndi khobwe pang'ono. Anandiuza kuti maungu ndisawapangire bedi, ndingobzala m'mbali mwa dzala pamene pali chinyezi ndi zinyalala zowola, nthanga zitatu phando limodzi. Zinamera pasanathe sabata. Pofika Khirisimasi zinali zitayanga mpaka kukwera mpanda wa aneba.

Pa nkhwani ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi amene anandisintha maganizo pa nkhani yonse ya dimba. Wa kumsika amathyoledwa dzulo lake kapena dzana, amayenda pa njinga kapena pamwamba pa minibasi, amawazidwa madzi tsiku lonse kuti aoneke wamoyo. Ndipo wogulitsa amafuna mulu uoneke waukulu, ndiye amathyola masamba akuluakulu okhwima, aminga. Sindikuwanena amayi a kumsika, nanenso ndikadatero. Koma ukakhala ndi wako umasankha tsamba lachiwiri ndi lachitatu kuchokera kunsonga, lofewa ngati khutu la mwana, ndipo kuchokera pamene wathyola mpaka kulowa m'poto sipatha ndi theka la ola lomwe. Kusadzula kwake sikuvuta, ulusi umangotsatira wokha kuchokera ku phesi mpaka m'mitsempha ya tsamba. Ndimakhala pa sitepe ya kukhitchini lichero lili pamiyendo, ndipo ndi nthawi yokhayo patsiku imene foni ndimaisiya m'nyumba.

Ndiye pali zinthu zimene kumsika sungazipeze wamba: maluwa ndi timaungu tanthete. Maungu amachita maluwa a mitundu iwiri. Lachikazi limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, lachimuna limangokhala pa kaphesi kowonda, ndipo achimuna ndi amene amachuluka. Amenewo ndimathyola m'mawa akadali otseguka, n'kusiyako angapo kuti njuchi zigwire ntchito yake, apo ayi maungu sabereka. Chaka choyamba ndinathyola onse osasiyanitsa, ndipo tinakolola maungu awiri okha. Ukaika maluwawo m'nkhwani wotendera pamodzi ndi kadzungu kamodzi kanthete kodulidwa tizidutswa, msuzi wake umatsekemera mwa mtundu wina, woti shuga sangaufanizire.

Za soda timatsutsana ndi anzanga mpaka lero. Kusikelo ya ana azaumoyo amatiuza kuti soda amawononga mavitamini a m'masamba, ndipo n'zoona. Anzanga amayankha kuti popanda soda nkhwani amakhala wokhakhala, wakuda, ana sadya. Nawonso sakunama, ngati akunena za masamba okhwima aja. Ine ndinapeza kuti tsamba lanthete lothyoledwa pomwepo silifuna soda n'komwe, limafewa lokha ndipo limakhalabe lobiriwira ngati sunaliphikitse. Kumene ndimagonja ndi ku therere. Therere la denje kapena lobala popanda soda kapena chidulo si therere, ndi masamba owiritsa chabe. Apongozi amacheza chidulo cha phulusa la zitsononkho, ndipo amati soda wa m'sitolo alibe fungo. Ndinayesa kucheza changa kamodzi m'chitini choboola, chinatuluka chakuthwa mopitirira, therere linachita kuyabwa pakhosi. Ndinabwerera ku soda, kansonga ka supuni basi.

Nsinjiro nazo zili ndi nkhani yake. Za m'timapepala ta pulasitiki zija nthawi zina ndimazikayikira, zimayera mopitirira ngati mwalowa ufa. Tsopano ndimagula mtedza n'kusankha ndekha, kutaya wonse wofota ndi wachuku, n'kusinja mu mtondo waung'ono. Ndikapeza Chalimbana ndimasangalala, chifukwa CG7 wofiira uja ali ndi mafuta ambiri, ukalimbikira kusinja amayamba kumata ngati chiponde usanasefe n'komwe.

Chisoso ndimachikonda chikadali chaching'ono, chikangochita maluwa chimanunkha mankhwala, ndipo njere zake zimakakamira pa yunifomu ya ana yoyanikidwa pachingwe. Mwamunaaligone sindinamuzolowere kwenikweni, ndimaphika chifukwa cha dzina lakelo, kuti ndipeze poyambira kuwaseka bambo a kunyumba.

Chimene chinanditsimikizira kuti apongozi ankadziwa zimene ankachita ndi ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024, ija ya El Niño, imene boma linafika polengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula inadula milungu ingapo pakati pa dzinja. Repu ndi tchainizi amene ndinawokera ankagona pansi ikamakwana 10 koloko m'mawa, ngakhale nditathirira. Chitambe, masamba a khobwe uja, sichinasinthe nkhope. Luni linapitiriza kuphuka, ndipo ukamalithyola kunsonga ndi pamene limachita nthambi zambiri. Kholowa amene ndinabzala kumene kumathera madzi otsukira mbale anatidyetsa mwezi wonse. Kumsika wa Nsungwi milu ya masamba inali itachepa mochititsa chisoni, ine ndikungotuluka kuseri ndi lichero.

Sindikunena kuti dimba langa limadyetsa banja chaka chonse, ayi. Anyezi ndimagula. Kabichi ndinasiya, ndikamufuna ndimatuma amene akudutsa pa Lizulu. Malo a mamita 8 sangapikisane ndi alimi a ku Ntcheu, ndipo madzi a pampopi ndi odula moti kulima ndiwo zachizungu m'chilimwe kumangokhala kudzisangalatsa. Panopa m'miyezi yotentha ndimasunga mabedi awiri okha, a mpiru ndi bonongwe, ndimawaphimba ndi udzu wouma, ndipo amamwa madzi otsukuluzira zovala, osati a sopo oyamba aja. Nsabwe zikabwera ndimawaza phulusa m'mawa mame asanaume, kapena madzi amene ndaviikamo masamba a nimu osinja usiku wonse. Sizitha zonse, koma zimachepa.

Ntchito yaikulu imabwera mu Malichi ndi Epulo, masamba akachuluka kuposa pakamwa pathu. Apa ndi pofutsa. Chitambe ndi nkhwani ndimaziwiritsa pang'ono chabe, kukhetsa madzi, n'kuyanika pa mphasa. Kumudzi amayanika padzuwa, koma alangizi amati pamthunzi podutsa mphepo ndi pamene masamba amasunga mtundu ndi chakudya chake, ndiye ine ndimayanika pakhonde, ngakhale zimatenga masiku ochulukirapo. Apongozi amamanga mfutso wawo m'zikwatu za masamba a masuku n'kupachika kukhitchini kumene kumafika utsi. Ine masuku ndiwapeza kuti ku Area 25, ndimangoika m'ndowa ya pulasitiki yotsekeka bwino. Iwo atalawa wanga anati ndi wabwino, kenako anawonjeza kuti ukusowa utsi. Mu Okutobala, pamene kunja kuli fumbi lokhalokha, mfutso wa chitambe wotendera ndi nsima ya mgaiwa ndi chakudya chimene sindiitanirapo alendo.

Mbewu sindigulanso, kupatula mpiru ndi tomato. Ndimasiya bonongwe awiri ndi luni atatu kuti akhwime n'kudzigwetsera okha, ndipo nthanga za dzungu limene lakoma kwambiri ndimaziyanika n'kuzisunga m'botolo muli phulusa. Aneba awiri anatengako, mmodzi anandibwezera ndi mbewu ya chidede imene sindinaidziwe kaphikidwe kake mpaka nditaimbira foni ku Mayani.

Tomato ndiye sindinamugonjere. Dzinja lililonse, pamene mtengo wake kumsika wakwera chifukwa cha chiwawu chimene chimabwera ndi mvula, mtima umandiuza kuti ndiyesenso. Wa papaketi amafa ndithu. Amene amapulumuka ndi pwetekere, timatomato ting'onoting'ono towawasa, amene anamera yekha pafupi ndi ngalande ya kubafa ndipo palibe amene anamuthirapo mankhwala. Bambo a kunyumba amati ameneyo ndiye tomato yekhayo wa phindu amene ndinalimapo, poti sindinamulime. Sabata yathayi ndagulanso kapaketi kena, ka mtundu umene wogulitsa walumbira kuti supsa ndi chiwawu. Ndakabisa m'kabati kuseri kwa ndowa ya mfutso, kumene iwo safikako.