Zikomo nonse amene munandisamalira m'chisanu chapitachi

Ambiri mukudziwa kuti TB inandisiyira zipsera m'mapapo. Mankhwala a miyezi 6 ndinamaliza kalekale, koma mpweya sunabwerere monga kale. Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe ndi miyezi yowawa kwa ife odwala chifuwa. Mwera ukamawomba, usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo m'mawa utsi wa mbaula ndi wa zinyalala umangoti tolo ku Kawale konse. Kungofika pampopi, chifuwa chayamba kale kulira ngati mluzu. Basi munthu umangobindikira m'nyumba.

Kubindikirako ndi kumene kumandidwalitsa maganizo chaka ndi chaka. Chaka chino zinanyanya. Tulo tinathawa, nsima sinkalowa, foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye.

Alamu anga, inu ndinu oyamba. Dzuwa likakwera munkabwera, n'kutsegula makatani, n'kunditulutsira mpando pakhonde, ine chikhalirecho ndili ndwii. Simunandiuzepo kuti ndingolimba mtima. Munkangokhala pambali panga mukusankha nyemba, ndipo mbaula munaisamutsira kuseri kuti utsi usalowe kuchipinda.

Anamwino a kuchipatala chathu, dzina lanu sinditchula pano koma mukudzidziwa. Mutamaliza kundimvetsera chifuwa munafunsa kuti, "Nanga usiku mukugona? Maganizo ali bwanji?" Palibe anandifunsapo zimenezi chiyambire kudwala. Munandiuza kuti kukhumudwa kopitirira milungu 2 ndi matenda, si ulesi kapena kuchepa chikhulupiriro, n'kunditumiza kwa aphungu othandiza pa za maganizo. Munandiphunzitsanso kuboola botolo lapulasitiki kumatako ndi kulowetsapo inhela ya salbutamol (kopopera mankhwala otsegula njira za mpweya) kuti mankhwala azifika m'mapapo osathera pakhosi. Botolo limenelo landipulumutsa usiku wambiri.

Amayi a Mvano, munkadzera kwathu Lachinayi mukaweruka. Nditalephera kuimba nanu munaimbabe, ndipo zinandikwanira. Aneba, ndinangopempha kamodzi kuti musamatenthere zinyalala pafupi ndi zenera langa, inu n'kukumba dzenje tsiku lomwelo. Mulungu akudalitseni.

Sindinachire, matendawa ndi okhala nawo, ndipo fumbi la Seputembala ndi Okutobala lili ndi zake. Kwa aphungu ndikupitabe. Koma makina osokera ndawapukuta, ndawathira oyilo, ndipo Lolemba ndiyambiranso ntchito. Amene munasiya nsalu zanu kwa ine n'kudikira osadandaula, ndiyambira zanuzo.