Pulogalamu yotolera lendi ku Chikanda: Strategy, Adapter ndi msampha wa Singleton

Tiyerekeze kuti mwini mahositelo ku Chikanda ku Zomba, komwe ana ambiri a ku University of Malawi amachita lendi, wakupatsani ntchito yomulembera pulogalamu yotolera ndalama. Ena amalipira pa Airtel Money, ena pa TNM Mpamba, ena kubanki, ena amangobwera ndi ndalama kumanja. Ambiri amathamangira kulemba class imodzi ya Malipiro n'kuidzaza ma `if` ndi ma `else if`. Imagwira ntchito ndithu. Mavuto amayamba ikabwera njira yachisanu: mumatsegulanso method yodzaza ma `if` ija, mumakhudza code yomwe inalibe vuto, kenako test ya Mpamba yagwa chifukwa cha zomwe mwasintha za kubanki.

Mankhwala ake ndi Strategy, imodzi mwa ma pattern 23 (njira zodziwika zokonzera code pothetsa mavuto obwera kawirikawiri) amene Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides anawafotokoza m'buku lawo la Design Patterns mu 1994. Lembani interface (mndandanda wa method zomwe class iliyonse yoitsata iyenera kukhala nazo), tinene NjiraYolipirira, yokhala ndi method ziwiri zokha: `lipira()` ndi `funsaZaMalipiro()`. Njira iliyonse ikhale class yakeyake yotsata interface imeneyi. Class ya Lendi, yomwe imasamala za lendi ya ana, isadziwe n'komwe kuti ndalama zadutsa kuti; iyo ingoitana `lipira()`. Kusankha class yoyenera musiyire factory yaing'ono, code yomwe ntchito yake n'kupanga object yoyenera, pamalo amodzi. Njira yatsopano ikabwera, mumangoonjezera fayilo imodzi ndi mzere umodzi mu factory.

Koma pamene anthu ambiri amaterereka ndi pa mayankho ochokera kunja. API ya kampani iliyonse (khomo lomwe pulogalamu yanu imalankhulira ndi kompyuta za kampaniyo) imayankha mwanjira yake: mayina a field ndi osiyana, ma code osonyeza kuti zatheka kapena zakanika ndi osiyananso. Musalole JSON ya eni ake (kalembedwe komwe mayankhowo amabweramo) kulowa mpaka mkatikati mwa pulogalamu yanu. Ikani Adapter pakhomo, isandutse yankho lililonse kukhala object yanu imodzi yokhala ndi nambala ya transaction, kuchuluka kwa ndalama ndi momwe zathera. Pomwepo konzaninso nambala za foni, chifukwa wina alemba 099, wina 088, wina ayamba ndi +265. Zonse zisungidwe mofanana. Ndalama muzisunga ngati integer (nambala yathunthu), m'matambala, osati `float` (nambala ya madesimo), apo ayi mawerengero a pamwezi ayamba kusiyana ndi timatambala tosadziwika kochokera.

Netiweki ikadukaduka, uthenga wotsimikizira malipiro ukhoza kufika kawiri. Ngati pulogalamu ikungoonjezera ndalama nthawi iliyonse uthenga ukafika, mwana wolipira mwezi umodzi aoneka ngati walipira iwiri. Ikani unique constraint (lamulo loletsa kusunga nambala imodzi kawiri) pa nambala ya transaction mu database, ndipo malipiro achoke pa YODIKIRA kupita pa YALIPIRIDWA kapena YAKANIKA kamodzi kokha. Ena apa amafuna kulowetsa State pattern yathunthu ndi ma class atatu, gawo lililonse la malipiro ndi class yakeyake. Ine ndimati enum (mndandanda wokhazikika wa mayina atatuwa) ndi yokwanira, pokhapokha gawo lililonse likhale ndi malamulo akeake ambiri.

Singleton, class yolola object imodzi yokha pa pulogalamu yonse, ndiye amakopa kwambiri ophunzira, poti ndi yosavuta kulemba: constructor ya private ndi `getInstance()`, basi. Akaikamo connection imodzi ya database, zonse zimaoneka bwino pa laputopu chifukwa wogwiritsa ntchito ndi mmodzi. Semesita ikatsegulidwa, ana ambiri n'kulipira nthawi imodzi, ma thread onse (ntchito zomwe pulogalamu ikuchita nthawi imodzi) amalimbirana connection yomweyo, ndipo rollback (kubweza zosintha) ya wina imatha kufufuta zomwe mnzake anali asanachite commit (kusunga kotheratu). Kuyesa code yotere kumavutanso, chifukwa simungalowetse database yongoyerekeza m'malo mwa yeniyeni. Gwiritsani ntchito connection pool (gulu la ma connection obwerekana), monga HikariCP ngati mukulemba mu Java, ndipo class iliyonse ipatsidwe zomwe ikufuna kudzera mu constructor. Mukatero, pa test mumangoipatsa NjiraYolipirira yabodza yomwe imayankha kuti "zakanika", n'kuona ngati pulogalamu ikusiyabe ngongole ya mwanayo momwe inalili.