Nour El Sherbini, mtsikana wa ku Alexandria, mzinda wa ku Egypt

Ndangomaliza kuonera Nour El Sherbini akusewera squash (masewera omenyetsa kampira kukhoma ndi raketi) pa foni ndili mu kombi yopita ku Mufakose, mpaka kondakitala wachita kundigwedeza kuti nditsike. Abale, mayi ameneyu ndi moto!

Mu 2009 anatenga ukatswiri wa squash wa achinyamata padziko lonse ali ndi zaka 13 zokha, akupikisana ndi akuluakulu kwa iye. Mu 2016, ali ndi zaka 20, anakhala mkazi woyamba wa ku Egypt kukhala katswiri wa dziko lonse. Bondo lakhala likumuvuta, koma mu 2025 anatenga chikhochi kachisanu ndi chitatu, kufanana ndi Nicol David wa ku Malaysia. Mwana wa mu Africa momwe muno ameneyu.

Chondiwawa n'chakuti kuno ku Harare mabwalo a squash ambiri ali m'makalabu ndi m'sukulu zodula. Mwana wa ku Mbare kapena Highfield raketi aigwira liti? Squash ikulowa mu Olympics ku Los Angeles mu 2028, ndipo ine ndidzakuwira Egypt, poti ana athu sitinawapatse mpata.