Fizi yobisika m'mtengo wa nyumba

Teremu ino tikuphunzira za msika wa nyumba, ndipo mutu umene wandikhala pamtima ndi wa sukulu. Tsiku loyamba aphunzitsi anatifunsa kuti: nyumba ziwiri zofanana, zipinda zitatuzitatu, zoyang'anana pamsewu umodzi, n'chifukwa chiyani ina imakwera mtengo kuposa inzake? Ine ndinaganiza za denga ndi kukula kwa bwalo. Za sukulu sizinandibwerere n'komwe, chifukwa kwathu nkhani sinkayenda choncho. Tinkalemba mayeso a Sitandade 8, a MANEB n'kuchonga, ndipo wokhoza bwino ankasankhidwira kusekondale yogonera komweko, kaya ku Dedza kaya ku Lilongwe Girls, atanyamula sutikesi ndi ndowa. Nyumba ya makolo inkatsala pomwe ili.

Kuno ku England n'zosiyana. Sukulu ya boma ndi yaulere, koma ofuna malo akachuluka pamatsatidwa ndondomeko. M'sukulu zambiri amayamba ndi ana osungidwa ndi boma, kenako amene ali ndi m'bale wawo pasukulupo, ndipo malo otsalawo amapita kwa amene amakhala pafupi. Mtunda amauyeza ndithu, kuchokera pakhomo panu kukafika pasukulu. Ndiye makolo amene ali ndi ndalama amathamangira nyumba za m'misewu yoyandikira sukulu yotchuka, ndipo mitengo imakwera. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro wa kuno unapeza kuti nyumba zoyandikana ndi mapulayimale okhoza kwambiri zinali zodula ndi 8 peresenti, ndipo zoyandikana ndi masekondale otere zinali zodula ndi 6.8 peresenti.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri m'kalasi ndi momwe akatswiri anayesera kulekanitsa zinthu. Vuto lake ndi ili: sukulu zabwino zimapezeka kawirikawiri m'madera a anthu opeza bwino, kumene kuli mitengo, bata ndi mapaki. Nanga tidziwa bwanji kuti ogula akulipirira sukuluyo, osati batalo? Sandra Black, m'kafukufuku wake wa mu 1999 wa m'matauni ozungulira Boston ku America, anachita zanzeru. Anangotenga nyumba zoyandikana ndi malire a sukulu, zina tsidya lino zina tsidya ilo. Dera ndi limodzi, msonkho ndi umodzi, mashopu ndi omwewo, chosiyana n'chakuti ana a mbali iyi amapita kusukulu ina, a mbali inayo kwina. Anapeza kuti malikisi a sukulu akakhala okwera ndi 5 peresenti, makolo amalolera kulipira 2.5 peresenti yowonjezera panyumba. Chiwerengerochi chinali pafupifupi theka la zimene njira zakale zinkapeza. Ndinawerenga ndime imeneyi katatu. Sukulu imakwezadi mtengo, koma gawo lina la zimene tinkati n'zasukulu linali la dera chabe.

Zonsezi zikanangokhala manambala a m'buku pakanapanda mayi wina wa kutchalitchi kwathu, nesi wochokera ku Ntcheu. Mu Novembala anandipempha kuti ndikawathandize kusamuka. Anachoka m'nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi kadimba kuseri, kumene ankadzala nkhwani m'chilimwe, n'kukalowa m'fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa shopu, lendi yake yokwererapo. Sofa inakanika kukwera masitepe, tinachita kuichotsa miyendo. Titakhala pansi kuti tipume ndinawafunsa chimene akuvutikira chonchi. Anatulutsa foni n'kundionetsa tsamba la khonsolo, pomwe amalemba mtunda umene mwana womaliza kulandiridwa pasukulu iliyonse ankakhala chaka chathachi. Nyumba yakaleyo inali kunja ndi misewu itatu yokha. "Achimwene, mafomu amatseka pa 15 Januwale," anatero. "Adiresi iyenera kukhala ino tsikulo lisanafike. Mashifiti ausiku ndiwonjezera, bola mwana alowe."

Sindingawaweruze mayiwa, ndipo ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Koma zimandiwawa kuti sukulu imene timati yaulere ili ndi fizi, ndipo fiziyo amalandira ndi alandilodi ndi ogulitsa nyumba, osati mphunzitsi amene akutuluka thukuta m'kalasi. Ku America mfundo yake ndi yolimba kuposa apa, chifukwa gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu limachokera kumsonkho wa nyumba za m'deralo. Nyumba zodula zimabweretsa msonkho wambiri, sukulu imalemera, nyumba zimakweranso.

Palinso funso limene tinakangana nalo nthawi yaitali: makolo amagula chiyani kwenikweni, kaphunzitsidwe kabwino kapena anzake a mwana wawo? Malikisi okwera angasonyeze kuti aphunzitsi ndi akhama, komanso angangosonyeza kuti anawo amachokera m'makomo momwe muli mabuku ndi ndalama za aphunzitsi apadera. Chikwangwani cha Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu, cholembedwa Outstanding (kutanthauza yopambana kwambiri) pageti sichinkayankha zimenezi, ndipo kuyambira Seputembala 2024 boma linasiya kupereka chigamulo cha mawu amodzi chotere kusukulu zake. Ku Brighton ndi Hove anayamba kuchita maere pogawa malo a kusekondale mu 2008, koma maerewo ankachitikira mkati mwa malire a madera, choncho adiresi inakhalabe ndi mphamvu.

Ntchito yanga ya kumapeto kwa teremu ndasankha kuilemba pa lendi, osati pa mitengo yogulira, chifukwa ambiri mwa ife obwera timakhala m'nyumba za lendi, ndipo zambiri zimene tawerenga m'kalasi zikukamba za ogula. Ndayamba kale kusonkhanitsa mitengo ya lendi ya m'misewu ya mbali zonse ziwiri za malire a sukulu ija. Mayi aja yankho lawo adzalilandira pa 16 Epulo. Anzawo amene ankakhala nawo khomo loyandikana, omwenso mwana wawo akuyamba sukulu chaka chomwechi, sanathe kupeza dipoziti, ndipo analemba fomu ndi adiresi yakale.