Masenti awiri a kaputeni

Chaka chino ndikuchita kosi ya zoombola katundu pa kasitomu, ndipo chimene chimandilemera ndi mawu a anthu a m'madoko. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndiye zambiri ndimangoziloweza ngati nyimbo ya Sande sukulu. Limodzi la mawuwo ndi break bulk, kutanthauza kutsegula mimba ya sitima n'kuyamba kutsitsa katundu. Pofufuza kumene mawuwa anayambira kumveka m'malamulo, ndinagwera m'nkhani ya makalata, imene siili n'komwe pa mayeso athu. Masiku atatu a kuwerenga anathera komweko.

Nkhani yake ndi iyi. Pa 20 February 1792 dziko la America linakhazikitsa lamulo la positi. Gawo lina linkati sitima ikafika padoko pomwe pali positi ofesi, siloledwa kulembetsa ku kasitomu kapena kutsitsa katundu mpaka kaputeni atapereka kwa mkulu wa positi makalata onse amene wabwera nawo. Otsala m'manja mwake anali okhawo opita kwa mwini sitima kapena kwa eni katundu. Akapereka, ankalandira masenti awiri pa kalata iliyonse.

Poyamba maso anga anali pa masentiwo. M'kope langa ndinalemba kuti boma linkalipira makaputeni kuti azinyamula makalata, ndipo ndinaona ngati ndamva. Nditawerengera ndinadziseka. Tinene kuti kaputeni wabwera ndi makalata 300, thumba lodzaza ndithu: apeza madola 6 okha, atakhala panyanja mwezi wathunthu kapena kupitirira. Munthu woyendetsa sitima yodzaza shuga, nsalu ndi zitsulo sangadzuke m'mamawa chifukwa cha madola 6. Chomudzutsa chinali china. Sitima ikangoima padoko osatsitsa, amalinyero akudya ndi kuwerenga masiku a malipiro, eni katundu akudikira, mwini sitima akukukuta mano. Amene analemba lamuloli anadziwa pamene pali mtima wa kaputeni, ndiye anakoleka thumba la makalata pa khomo la katundu. Ukufuna utsitse? Yamba wapita ku positi.

Ndiye masenti awiri aja anali a chiyani? Mmene ndaonera ine, anali ogula mwambo wakale. Makaputeni anayamba kunyamula makalata boma lisanalowererepo. M'nyumba zomwera khofi za ku London ndi New York munkapachikidwa matumba, lililonse la sitima yake. Munthu ankaponyamo kalata n'kusiya kandalama ka kaputeni. Akafika kutsidya, kaputeni ankatha kugawa yekha makalatawo, positi osaonapo kanthu. Boma likanangoti "bweretsani kuno" popanda chopatsa, likanakhala likulanda anthu kadyedwe kawo, ndipo makalata akanabisidwa m'mabokosi a zovala. Choncho linati perekani kwa ife, kanu kaja muzilandirabe. Ku Britain zinali chomwecho kale: lamulo la positi la mu ulamuliro wa Mfumukazi Anne, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1711, linkapatsa kaputeni kobiri limodzi pa kalata. Mu 1799 anatsegula ofesi yoona za makalata a pa sitima ku London, ndipo malipiro a kaputeni anafika pa makobiri awiri.

Positi sinali kuluza. Ndalamayo inkaitenga kwa wolandira kalata, pakuti masiku amenewo wolandira ndiye kawirikawiri ankalipira. Ku America kuyambira 1799, kalata ya pa sitima yothera padoko pomwepo inali masenti 6. Yopitirira kumtunda ankaiwonjezera masenti awiri pa mtengo wa ulendo wa pamtunda. N'chifukwa chake makalata akale ambiri ali ndi chidindo cha mawu akuti SHIP. Chidindocho chinali chizindikiro kwa kalaliki wotsatira kuti apa pali ngongole ya kaputeni.

Pali pena pamene ndinasokonezeka tsiku lonse. Ndinkaganiza kuti sitima iliyonse yonyamula makalata inali pansi pa dongosolo limodzi. Ayi ndithu. Panali sitima za amalonda wamba, zomwe ndafotokozazi, ndiye panalinso sitima za positi zenizeni zoyenda pa pangano ndi boma. Zina za ku Britain zinkanyamukira padoko la Falmouth kuyambira cha m'ma 1689 mpaka 1850, ndipo kaputeni wake anali ndi lamulo loopsa: adani akatsala pang'ono kulanda sitima, amize matumba a makalata, omwe ankawamangirira zolemera. Sitima za nthunzi zitabwera, mapangano anapita kwa makampani. Samuel Cunard, mwini kampani ya sitima, anatumiza sitima yotchedwa Britannia kuchokera ku Liverpool pa 4 July 1840 kupita ku Halifax ndi Boston. Kuno kumwera, kampani ya Union inayamba kunyamula makalata pakati pa Southampton ndi Cape Town mu 1857, ndipo ulendowu unapitirira pansi pa dzina la Union-Castle mpaka 1977. M'dongosolo ili ndalama sinkawerengedwa pa kalata. Boma linkalipira kampani pa chaka, kampani ikachedwa n'kudulidwa. Kaputeni anasanduka wantchito wothamangitsana ndi wotchi.

Koma mtima wanga watsalira pa kaputeni wa sitima wamba uja, amene sanapemphe ntchito ya positi koma lamulo linamusenzetsa. Amandikumbutsa madalaivala a mabasi ndi malole ochokera ku Joni, amene timawapatsira kaphukusi ka amayi kumudzi n'kuwagwiritsa ya fanta. Kusiyana kwake n'kwakuti dalaivala akaiwala kaphukusi pansi pa mpando, palibe amene amuletsa kutsitsa katundu wina. Anthu akale aja nawonso sankadalira munthu mmodzi kotheratu: amalonda ankalemba kalata imodzi kawiri kapena katatu n'kutumiza pa sitima zosiyana, ndipo pakona pa kalata ankalembapo dzina la sitima ndi la kaputeni.

Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti lamuloli silinafe. M'buku la malamulo a milandu la America, mutu 18, gawo 1699 likunenabe kuti sitima isalembetse kapena kutsitsa katundu makalata asanaperekedwe ku positi, ndipo woyendetsa asaine chikalata cholumbira kuti wapereka onse. Gawo 1698, lokhudza sitima zoyenda pakati pa madoko a dzikolo, limachita kutchula nthawi: akafika masana apereke pasanathe maola atatu, akafika usiku apereke pasanathe maola awiri dzuwa litatuluka. Ndinawerenga mzere umenewu kawiri. Ukumveka kuti unalembedwa ndi munthu amene anaonapo kaputeni atafika padoko usiku, n'kulunjika komwera mowa thumba la makalata lili m'chipinda chake.

Mawa ndibwerera ku mafomu a kasitomu, chifukwa mayeso ali pafupi ndipo za masenti awiri sadzafunsa. Koma m'kope muja ndafufuta chiganizo changa choyamba. M'malo mwake ndalemba kuti kaputeni ankalipidwa popereka makalata, osati ponyamula.