Kumanga kompuresa m'galimoto ya m'tchire: waya, malo ndi thanki

Tayala lofewa limagwira pansi bwino. N'chifukwa chake mumchenga timaphwetsa matayala mpaka 1.0 kapena 1.2 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), m'miyala cha m'ma 1.5 bar. Nkhani imavuta pobwerera pa phula. Tayala lophwa likamathamanga, m'mbali mwake mumangopindikapindika, limatentha mkati, mapeto ake limaphulika. Kompuresa yomangirira m'galimoto momwemo imathetsa zimenezi, koma zambiri zomwe zimafa msanga sikuti zinapangidwa molakwika. Zimaphedwa ndi waya woonda, kutentha ndi fumbi, ndipo zitatu zonsezi zimayambira pa kamangidwe.

Pogula musatengeke ndi "150 psi" yolembedwa pa katoni, yomwe imangonena malire a kupanikiza mpweya. Ngakhale kakompuresa kosachedwa kupsa kamafika pamenepo. Funsani malita omwe imatulutsa pa mphindi, makamaka ikamakankha pa 2 bar, chifukwa nambala yaikulu ya malita yomwe amalemba amaiyeza kompuresa isakukankha kanthu. Tayala la 285/75R16 muli malo okwana malita pafupifupi 80, ndiye kulichotsa pa 1.2 kulifikitsa pa 2.4 bar pamafunika mpweya wa malita pafupifupi 100. Kompuresa yotulutsadi malita 60 pa mphindi imamaliza matayala anayi m'mphindi 7. Onaninso duty cycle, kutanthauza gawo la nthawi lomwe ingagwire ntchito isanafune kupuma. Ya 33% ikagwira mphindi 15 imafuna kupuma mphindi 30, pomwe ya 100% imapopa osaima. Makampani opanga makompuresa a ARB ndi Viair amalemba manambala amenewa poyera, ndipo yomwe sanalembe kanthu ine sindingailimbikitse kwa munthu.

Tifike pa magetsi, pomwe ambiri amalakwitsa. Kompuresa ya silinda imodzi imakoka ma amp 30 mpaka 40, ya masilinda awiri imapitirira 50. Soketi yoyatsira fodya ili ndi fyuzi ya ma amp 10 kapena 15 basi, iiwaleni. Moto uchoke pa batire penipeni.

Kunenepa kwa waya si nkhani yongoganizira. Tinene kuti kompuresa ili kumbuyo, mamita 5 kuchokera pa batire. Kupita ndi kubwera ndi mamita 10. Pa ma amp 40, waya wa 2.5 mm² umataya mavoti 2.8 m'njira, wa 6 mm² umataya 1.2, wa 16 mm² sufika n'theka la voti lomwe. Mavoti otayikawo amasanduka kutentha m'waya, ndipo mota yolandira moto woperewera imazungulira mwaulesi, imachedwa kumaliza, n'kutentha kwambiri. Mukaimva ikulira mobanika geji ikamakwera, gwirani wayawo. Ukakhala wofunda, mwapeza wolakwa. Ikakhala mu boneti, pafupi ndi batire, 6 mm² imakwana, koma kumbuyo musatsike pansi pa 16 mm².

Fyuzi ikhale masentimita osapitirira 30 kuchokera pa batire, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya wonse ukakhudzana ndi chitsulo. Switchi ya pa dashboard isanyamule moto wa mota, ingoyatsa relay, kaswitchi koyatsidwa ndi moto wochepa koma konyamula moto wambiri. Timiyendo ta relay tili ndi manambala: 30 imachokera ku fyuzi, 87 imapita ku kompuresa, 86 imalandira moto kuchokera ku switchi kudzera pa pressure switch (yozimitsa kompuresa mpweya ukakwana n'kuiyatsanso ukatsika), 85 ipite ku earth (mbali ya negativu). Moto wa switchiyo muutenge pa ignition, kuti paipi ikadontha usiku kompuresa isamadziyatse yokha mpaka batire kuphwa. Podutsa pa chitsulo chilichonse valikani labala pabowo. Earth mumange pa chitsulo chopala bwino, chopanda penti, kapena mubweze waya mpaka ku batire. Ndipo popopa injini izilira: alternator imapereka mavoti pafupifupi 14, kompuresa n'kumathamanga mopepuka.

Malo oikapo alibe yankho limodzi. Mu boneti waya amafupika, koma mpweya wa mmenemo ndi wotentha kale, choncho italikirane ndi ekizozi ndi turbo. Pansi pa mpando m'poyera, koma phokoso n'lambiri ndipo mutu wa kompuresa umaotcha moti kapeti ndi pulasitiki zisaukhudze. Kunsi kwa galimoto ndiko koipitsitsa ngati mumaoloka mitsinje. Kulikonse komwe mwasankha, imangeni pa bulaketi yachitsulo, timalabala take tochepetsa kunjenjemera tili pomwepo, ndipo sefa ya mpweya wolowa muikokere ndi kapaipi pamalo okwera ndi ouma. Fumbi likalowa limapala silinda ndi mphete ya pisitoni ngati sandipepala. Poyamba simuzindikira, mumangoona kuti tayala lomwe linkatenga mphindi 2 tsopano likutenga 4.

Mpweya umatuluka wotentha kwambiri, ndiye chigawo choyamba cha paipi chikhale cholukidwa ndi waya wachitsulo, theka la mita kapena kuposerapo. Mukalumikiza paipi ya nayiloni pa mutu penipeni imafewa n'kuphulika tayala lachitatu lisanathe. Pambuyo pake ikani check valve, kuti mpweya usabwerere komanso mota isamavutike ponyamuka.

Chenjerani ndi mazinga a majointi. Za 1/4 inchi zilipo za mitundu iwiri ya mazinga, NPT ndi BSP, ndipo pa maso zimafanana. NPT ili ndi mazinga 18 pa inchi, BSP 19. Zimalowana kawiri katatu kenako n'kulimba, munthu n'kumati zagwira, chonsecho zikudontha. Tepi yoyera yokulunga pa mazinga kuti mpweya usadonthe muyambire pa zinga lachiwiri, kuopa kuti tizidutswa take tingakatseke valavu.

Nanga thanki? Pa matayala okha siyithandiza monga anthu amaganizira. Thanki ya malita 4 yodzadza pa 10 bar imakupatsani mpweya wa malita pafupifupi 30 isanatsike kufika pa 2.5 bar, wosakwana n'theka la tayala limodzi. Phindu lake lili pa kubwezera tayala lomwe lavuka pa rimu, kupemerera fumbi ndi kuyendetsa zida za mpweya kwa kanthawi. Mukaiika, pafunika pressure switch yogwirizana ndi kompuresa yanu, safety valve yotseguka thanki isanafike malire ake, ndi kampopi kokhetsera madzi kunsi. Mpweya wopanikizidwa ukazizira umasiya madzi, ndipo madziwo amadya thanki yachitsulo kuchokera mkati.

Mukamaliza, dzadzani mpweya mpaka kompuresa izime yokha, muwaze madzi a sopo pa jointi iliyonse. Pakatuluka thovu pamangeninso. Lembani pomwe geji yaima, mudzaione m'mawa. Kenako phwetsani matayala onse anayi pakhomo pomwepo, muwapope motsatizana mukuwerenga mphindi, uku mukugwira fyuzi, relay ndi malo olumikizira waya. Mabawuti a bulaketi muwakungenso mukabwera ku ulendo woyamba wa msewu wa mabampu.