Lachinayi limene kompyuta inadya nkhani yanga ya baseball

Ndalemba zamasewera pa nyuzipepala yathu yaing'ono kuno kumpoto kwa Indiana kwa zaka zisanu ndi ziwiri, koma sindinatulukepo mu ofesi manja akunjenjemera ndi mkwiyo ngati Lachinayi lapitali, pa 20 Marichi 2025. Lero ndi Lamlungu, ndagona mokwanira, koma mtima sunatsikebe.

Sabata inayamba monga zina zonse. Lolemba linali la basketball ya m'masukulu, kuimbira makochi amene sayankha foni, kusankha zithunzi, kudzaza masamba awiri. Anzanga a ntchito ino mukuzidziwa zimenezi. Chosiyana chinali chakuti Lachinayi usiku tinayenera kutumiza kosindikiza gawo lapadera la masamba asanu ndi atatu lolosera sizoni ya baseball ya 2025. Kale tinkaligwira anthu atatu. Mmodzi anapuma ntchito, wina anamuchotsa, mipando yawo ili pomwepo yopanda munthu. Chaka chino zonse zinali pamutu panga.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinadzuka 5 koloko m'mawa chifukwa sizoni inayambira ku Japan, Cubs ya ku Chicago ndi Dodgers ya ku Los Angeles pa bwalo la Tokyo Dome, ndipo kuno masewero ankayamba itangokwana 6 koloko. Owerenga athu ambiri ndi a Cubs, otsalawo ndi a White Sox ndi Tigers, ndiye sindikanalemba zolosera osaona ndi maso anga. Shota Imanaga wa Cubs anaponya ma inning (zigawo za masewero) anayi popanda womenya mpira wake n'kufika pa base, ngakhale anayi anawapatsa ulere chifukwa choponya pambali, koma atangotuluka zinthu zinagwa, Dodgers inapambana 4-1. Mawa lake inapambananso 6-3, Shohei Ohtani wa Dodgers anamenya home run (kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo) anthu akwawo akuonerera. Chinandiopsa n'chakuti akatswiri a Dodgers Mookie Betts ndi Freddie Freeman sanasewere masewero onse awiri, koma timu inkaoneka ngati sikusowa kanthu. Ndinadzaza kope ndi manotsi, maso ali psuu ndi tulo.

Lachinayi ndinakhala pansi 10 koloko m'mawa kulemba nkhani yaikulu. Apa ndiyenera kufotokoza za kompyuta imene ndimagwiritsa ntchito. Ndinaipeza pomwepo tsiku limene ndinayamba ntchito, ndipo inali yakale kale. Ukadina kuti useve, imaima mphindi zitatu kapena zinayi, kachizindikiro kakungozungulira, chifukwa zonse zimapita ku seva yakale ya m'chipinda chakumbuyo. Nthawi zina imabwerera, nthawi zina ayi. Pulogalamu yathu inali ndi koseva yokha pakapita mphindi zingapo, koma a kampani imene imatikonzera makina anakuzimitsa chaka chatha, ati n'kumene kunkaumitsa makompyuta. M'malo mochiza matenda anangotseka pakamwa pa wodwala. Zotsatira zake, tonse mu ofesi muno tinazolowera kuseva mwa apo ndi apo, chifukwa kuseva kwenikweniko kunasanduka chinthu choopsa. Ndinalemba imelo kanayi kuyambira Okutobala kupempha makina ena. Yankho linali limodzimodzi: tidikire bajeti, popeza Windows 10 ikutha pa 14 Okutobala 2025 ndipo tidzasintha onse pamodzi.

Tsiku limenelo nkhani inkayenda ngati madzi otsetsereka. Masiku otere amabwera kawiri kapena katatu pachaka, ndipo ukakhala momwemo suganiza zoimitsa dzanja kuti udikire kachizindikiro kozungulira. Cha m'ma 1 koloko ndinaimbira agogo ena a zaka 84 amene amakhala kunyumba yosungirako okalamba. Mwana wawo ndiye anandilumikiza nawo, ndipo anandiuza kuti nthawi yabwino ndi akangodya chamasana, mutu wawo ukadali bwino. Tinacheza mphindi 40. Anandiuza mmene bambo awo ankamvera Cubs pawailesi m'khitchini moyo wawo wonse mpaka kumwalira osaona chikho, ndi zimene iwo anachita usiku wa mu Novembala 2016 pamene timuyo inagonjetsa Cleveland patatha zaka 108. Foni ya pa desiki langa sijambula mawu. Ndinaipanira paphewa n'kumataipa mawu awo momwemo m'nkhani, liwu ndi liwu, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaika foni pansi ndikudziwa kuti ndapeza chiyambi ndi mathero a nkhani yonse.

Nthawi ili 4:40 madzulo, nditalemba mawu pafupifupi 2,100, sikirini inangoti bii, kenako buluu. Fani inalira kwambiri, n'kuti zii. Nditayatsanso, fayilo inatseguka ili ndi mizere isanu ndi iwiri yamitu imene ndinaseva Lolemba. Ndinangoti kakasi. Ndinafufuza m'mafoda onse amene ndikuwadziwa, ndinaimbira a makina aja, amene anandiyankha patatha theka la ola n'kundifunsa funso limodzi: "Munaseva?"

Sindinaseve. Limenelo ndi langa ndipo ndikulivomera. Maola asanu ndi limodzi ndi ochuluka. Koma ndikukana kuti mlandu wonse uthere pa chala changa, pamene amene anazimitsa chitetezo chokhacho chimene chinalipo, ndi amene anawerenga maimelo anayi n'kuwasiya, akupita kwawo 5 koloko mitima ili m'malo.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri chinabwera pambuyo pake. A mkonzi anabwera pa desiki langa, anamva zonse, anapepesa, kenako anati: "Za agogo aja ingolembani mmene mukukumbukirira. Ndani angadziwe?" Ndikuwamvetsa, nawonso anali ndi wotchi yawo, kosindikiza amafuna masamba ikamakwana 9 koloko ndipo ukachedwa umalipira. Koma ndinakana. Ndikukumbukira zimene agogowo ankatanthauza, koma sindikukumbukira mmene anazinenera, ndipo kukoma konse kunali m'kanenedweko. Kuika mawu anga m'kamwa mwa munthu wa zaka 84, n'kuwatsekera m'zizindikiro ngati ndi ake, mwana wake n'kudula pepalalo kukalimata pakhoma la chipinda chawo, zimenezo sindingachite. Ndinaimbanso kunyumba ija cha m'ma 5:30. Wosamalira anandiuza kuti atopa, madzulo sakhala bwino, ndiyesere mawa. Mawa linali litachedwa kale.

Ndinayambiranso 5:45, pa laputopu yanga imene mayi a kunyumba anandibweretsera pamodzi ndi chakudya chimene sindinachikhudze. Zolosera zokhazo sizinavute, chifukwa ndakhala nazo m'mutu kuyambira Disembala.

Ndaika Dodgers kuti itenganso chikho cha World Series. Ndikudziwa kuti pofika mu Marichi 2025 panalibe timu imene inali itatenga kawiri motsatizana chichokereni Yankees ya 1998 mpaka 2000, ndipo m'masewero olimbirana chikho a mu Okutobala timu yabwino imatha kugwa ndi masewero atatu oipa. Koma a Dodgers anatenga chikho mu 2024 pogonjetsa Yankees masewero anayi kwa amodzi oponya awo ambiri ali ovulala, ndipo tsopano awonjezera Blake Snell ndi Roki Sasaki, Ohtani nayenso akuyembekezeka kubwereranso kuponya mu sizoni ya 2025. Sasaki ku Tokyo anavutika kulunjika, anapatsa ulere anthu asanu m'ma inning atatu, koma timu imeneyi ili ndi mpata womudikira. Mets yagula Juan Soto ndi madola 765 miliyoni kwa zaka 15, ndipo idzamenya mpira koopsa, koma oponya ake sakundikhutiritsa. Yankees yataya Soto, yatayanso woponya wake Gerrit Cole sizoni yonse ya 2025 chifukwa cha opaleshoni ya chigongono. Mu American League, ligi imene muli Yankees, mtima wanga uli pa Tigers, chifukwa cha woponya wawo Tarik Skubal ndi mmene anyamata aja anathamangira kumapeto kwa sizoni ya 2024, ngakhale ndikuvomera kuti apa mtima watsogola mutu.

Cubs ndaipatsa malo oyamba mu NL Central, gulu la matimu limene imasewera. Inapambana masewero 83 n'kugonja 79 zaka ziwiri zotsatizana, 2023 ndi 2024, ndipo chimene inkasowa ndi womenya mmodzi amene oponya amamuopa. Kyle Tucker ndi ameneyo, koma kontrakiti yake ndi ya mpaka kumapeto kwa sizoni ya 2025, ndiye ngati kochi Craig Counsell ali ndi chochita, nthawi yake ndi ino. Brewers, ya m'gulu lomwelo, yataya Willy Adames ndi Devin Williams. Mu 2024 inatayanso anthu n'kupambanabe masewero 93, choncho ndinalemba chiganizo chimenecho dzanja likukayika. A White Sox ndinawauza zoona: atagonja masewero 121 mu 2024, n'kugulitsanso Garrett Crochet ku Boston, kugonja 100 kukubweranso, koma 121 ayi.

Zonsezi ndinazilemba m'maola awiri ndi theka, ndipo n'zolondola. Koma nkhani imene inatuluka Lachisanu si imene ndinalemba masana aja. Yoyambayo inali ndi munthu mkati mwake, inayamba ndi wailesi ya m'khitchini n'kufika ku Tokyo Dome popanda msoko woonekera. Yachiwiriyi ndi mndandanda wa matimu ndi manambala, umene aliyense angaupeze pa intaneti kwaulere. Nyuzipepala yaing'ono ngati yathu singapikisane ndi kanema wamkulu wa zamasewera wa ESPN pa za Ohtani. Chimene tili nacho ndi agogo ngati aja, amene palibe wina angawaimbire. Pamalo pawo tinaika chithunzi chachikulu cha Wrigley Field, bwalo la Cubs, kuti tsamba lidzaze. Masamba anapita 8:52.

Lachisanu palibe amene anadandaula. A mkonzi anati gawo latuluka bwino, otsatsa malonda asangalala. Mawu amenewo anandiwawa kuposa akanandikalipira, chifukwa akusonyeza kuti kwa iwo palibe chinatayika, ndipo kompyuta ija ikhalabe pa desiki mpaka Okutobala. A makina anabwera masana, anaitsegula, anapukuta fumbi, anati yachira. Ndinawapempha kuti ayatsenso koseva yokha kuja. Anati afunse kaye. Ndalemba imelo yachisanu, ulendo uno ndi tsiku, ola ndi chiwerengero cha mawu amene anatayika, ndipo ndatumizanso kwa mwini nyuzipepala. Pakadali pano ndikulembera pa laputopu yanga, imene ndinagula ndi ndalama zanga.

Dzulo masana ndinapita ndekha kunyumba ya okalamba ija, foni yojambulira mawu ili m'thumba. Agogo anandilandira bwino, koma sanakumbukire kuti tinalankhulapo. Nditawafunsa za bambo awo ndi wailesi, anamwetulira n'kuyamba kusimba za galu amene anali naye ali mwana. Mwana wawo wati ndidzabwerenso Lachinayi likudzali, pa 27, tsiku limene matimu ambiri akutsegulira sizoni kuno, mwina kuona baseball pa TV kudzawatsegula. Ndalemba kale m'kope, 1 koloko masana.